Kodi maphunziro a za Israel ndi a Baibulo, kapena ndi otamanda boma?

Achemwali ena amene akumaliza digiri ya mbiri yakale andilembera imelo. Akuti pofufuza kopitiriza sukulu kunja, apeza kuti mayunivesite ena ali ndi nthambi yotchedwa Israel Studies. Mafunso awo ndi awiri: kodi kumeneko amaphunzitsa Baibulo, nanga munthu sakangodyetsedwa zotamanda boma la Israel?

Achemwali, loyambalo silichedwetsa. Mose, Davide ndi aneneri mukawapeza ku nthambi ya zaumulungu. Ku Israel Studies nkhani imayambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pamene Theodor Herzl adasonkhanitsa Ayuda ku Basel mu 1897 kuti akambirane zokhala ndi dziko lawolawo. Imadutsa mu ulamuliro wa Britain ku Palestine, kufika pa 14 May 1948 pamene David Ben-Gurion adalengeza dziko la Israel, mpaka lero lino. Ophunzitsa ake ndi akatswiri a mbiri, ndale, malamulo ndi chikhalidwe cha anthu, ndipo bungwe lawo, Association for Israel Studies, lidayamba mu 1985.

Funso lachiwirilo ndiye lofunika kulikhalira pansi, chifukwa mantha anu ali ndi pogwira. Malo ambiri ophunzitsira zimenezi, makamaka ku America, adakhazikitsidwa ndi ndalama za anthu okonda Israel. Mu 2022 University of Washington idabweza mphatso ya madola 5 miliyoni kwa mwini wake atakwiya kuti mphunzitsi wamkulu wa pulogalamuyo adasainira kalata yodzudzula Israel. Ndiye sindikunamizani kuti ndalama sizilankhula.

Komabe mukawerenga zimene akatswiriwo amalemba, mudabwa kuti odzudzula kwambiri ambiri ndi Aisraeli eni ake. Kwa zaka zambiri ana asukulu kumeneko ankaphunzitsidwa kuti anthu a ku Palestine adathawa okha mu 1948 atauzidwa ndi atsogoleri awo. Kenaka zikalata za boma zimene zidatsekeredwa zaka 30 zidayamba kutsegulidwa. Benny Morris adalowa m'zikalatazo nkumafufuza mudzi ndi mudzi, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 adaonetsa kuti mwa anthu pafupifupi 700,000 amene adachoka, ambiri adathawa kuukira kwa asilikali achiyuda ndi mantha a nkhondo, ena adachita kuthamangitsidwa, monga ku Lydda ndi Ramle. Avi Shlaim ndi Ilan Pappé nawo adagwedeza mbali zina za nkhani yakaleyo. Efraim Karsh adawatsutsa kolimba kuti akupotoza umboni. Chosangalatsa nchakuti Morris ndi Pappé, amene anthu ankawaika m'gulu limodzi, adadzasemphana koopsa: Pappé akuti kuthamangitsako kudakonzedweratu, Morris akuti panalibe pulani imodzi yotero. Ine pa mkanganowu ndimaona kuti Morris amagwira zikalata mosamala kuposa mnzakeyo, ngakhale maganizo ake pa ndale sindimagwirizana nawo onse. Anthu a ku Palestine chaka chimenecho amachitcha Nakba, tsoka lalikulu, ndipo kalasi yabwino siingalumphe zimenezi.

China chimene mukaphunzire nchakuti Aisraeli si mtundu umodzi wogwirizana pa zonse ngati mmene timamvera pa guwa. Mwa anthu pafupifupi 10 miliyoni, mmodzi mwa asanu alionse ndi Mwarabu, ndipo nzika zimenezi zidakhala pansi pa ulamuliro wa asilikali mpaka 1966. Pakati pa Ayuda palinso magawo. Amene adachokera ku Ulaya ndiwo adagwira boma poyamba, pamene ochokera ku Iraq, Yemen ndi Morocco ambiri adafikira m'misasa ya matenti ndi malata, nkutumizidwa ku matauni akutali kumene ntchito idali yosowa. Mkwiyo wawo udathandiza kuti Menachem Begin ndi chipani cha Likud apambane mu 1977, kugwetsa chipani cha apantchito chimene chidalamula chiyambire 1948. Mu May 1991 ndege zidanyamula Ayuda a ku Ethiopia oposa 14,000 m'maola osakwana 40, ndipo ana awo akhala akuchita zionetsero podandaula za tsankho ndi nkhanza za apolisi. Ochokera ku mayiko a Soviet Union adafika pafupifupi miliyoni imodzi. Ndiye pali Ayuda opemphera kwambiri otchedwa Haredi. Ben-Gurion adalola anyamata awo pafupifupi 400 kuti asalowe usilikali, aziwerenga malemba. Lero ali masauzande ambirimbiri, ndipo mu June 2024 khoti lalikulu lidagamula kuti boma liyambe kuwalemba usilikali. Nkhaniyi imagwedeza maboma.

Maboma akewo sachedwa kugwedezeka. Nyumba ya malamulo, Knesset, ili ndi mipando 120, dziko lonse limavotera zipani osati phungu wa dera, ndipo palibe chipani chidapezapo mipando 61 pachokha pa chisankho. Pakati pa 2019 ndi 2022 adavota kasanu. Alibenso buku limodzi la malamulo oyendetsera dziko, nchifukwa chake mkangano wa mphamvu za makhoti mu 2023 udatulutsa anthu m'misewu miyezi yambiri. Akatswiri amatsutsana ngakhale pa dzina la ulamulirowu. Sammy Smooha akuti ndi demokalase yokondera mtundu umodzi, Oren Yiftachel akuti mukaphatikiza madera amene Israel adalanda pa nkhondo ya mu 1967, mawu oti demokalase sakukwanira.

Mukafuna kuyesa pulogalamu musanalembetse, pemphani mndandanda wa mabuku a chaka choyamba. Onani ngati olemba a ku Palestine monga Rashid Khalidi alimo pamodzi ndi a ku Israel monga Anita Shapira ndi anzake. Funsaninso za chilankhulo, pakuti wopanda Chiheberi amangodalira zimene ena amasulira, ndipo Chiarabu chingakutsegulireni mbali inayo.

Poti ndinu wa mbiri yakale, mutu wa kafukufuku muli nawo pakhomo. Mu 1973, mayiko ambiri a mu Africa atadula ubale ndi Israel, Malawi wa Kamuzu adakana, pamodzi ndi Lesotho ndi Swaziland. Alangizi a ku Israel adathandiza kuphunzitsa Apayoniya, ndipo kuyambira mu November 2023 achinyamata athu akhala akupita kukagwira ntchito m'minda ya kumeneko. Yambani ndi zikalata za ku National Archives ku Zomba, muone zimene zilipo za m'ma 1960, kenaka mulembe pempho lanu la sukulu mutanyamula funso lanulanu.