Musamulande bukulo, Mayi

Mayi amene mwafunsa za mwana wanu wa Fomu 3, yankho langa ndi lakuti musamulande bukulo. Mwanena kuti mnyamata amene anali naye pachibwenzi wamusiya n'kuyamba kuyenda ndi mtsikana wina wa m'kalasi mwawo momwemo, ndipo chichitikireni zimenezo mwanayo akungodzitsekera kuchipinda ndi buku la When You Were Mine limene wabwereka kwa mnzake. Mwamva kuti ndi nkhani ya Romeo ndi Juliet yolembedwa mwamakono, ndiye mtima uli m'mwamba pokumbukira mmene awiri aja anathera. Mantha anuwo ndi omveka. Koma bukulo ndinaliwerenga, ndipo ndikuona kuti lingamuthandize kuposa kumupweteka.

Ambiri amene tinalemba MSCE nthawi imene sewero la Shakespeare limeneli linali pa silabasi timakumbukira khonde lija, mankhwala ogonetsa ndi manda. Timaiwala kuti sewerolo likamayamba Romeo amakhala akulira kale, ndipo womuliritsayo si Juliet ayi, ndi Rosaline. Bambo ake a Romeo amadandaula kuti mwana wawo amayendayenda yekha m'bandakucha misozi ili chuchuchu, dzuwa likatuluka n'kukadzitsekera m'chipinda, mawindo onse otseka. Mukuona kuti zanuzo sizinayambe lero. Mbale wake Benvolio ndiye amamukokera ku phwando la kwa Capulet, bambo ake a Juliet, kuti akaone atsikana ena, aiwale Rosaline. Usiku womwewo amaona Juliet, basi za Rosaline zathera pomwepo. Mtsikanayo sayankhula ngakhale liwu limodzi m'sewero lonse. Dzina lake timangolimva pakamwa pa ena komanso pa mndandanda wa oitanidwa kuphwando, pamene Capulet amamutchula ngati wachibale wake.

Rebecca Serle, mlembi wa ku America, anatenga mtsikana woiwalidwayu n'kumupatsa pakamwa m'buku lomwe linatuluka mu 2012. Nkhani anaichotsa ku Verona, mzinda wa ku Italy kumene sewero lija limachitikira, n'kuiika pasukulu ya sekondale ku California. Rosaline wake amatchedwa Rose, ali m'chaka chomaliza, ndipo mnyamatayo ndi Rob, woyandikana naye nyumba amene anakulira limodzi. Atangoyamba kufunana, m'bale wake wa Rose dzina lake Juliet amabwerera m'tauniyo, Rob n'kutembenukira kumeneko. Apa mlembiyu anasintha chinthu chachikulu: kwa Shakespeare, Rosaline ndi amene anakana Romeo, pomwe m'bukuli Rose amamukonda mnyamatayo ndi mtima wonse. Choncho buku lonse likukamba za munthu wosiyidwa amene akuyenera kudzuka m'mawa uliwonse, kupita kusukulu, n'kumaona awiriwo atagwirana manja. Mwana wanu sakuwerenga za Juliet, Mayi. Wapeza munthu amene zamuchitikira zofanana ndi zake.

Chimene ndikufuna muchionetsetse ndi nkhani ya anzake. Kabwerezeni sewero lakale lija mufufuze mnzake wa Juliet wa msinkhu wake. Simumupeza. Mwana wosakwana zaka 14 ali ndi mayi ake omwe sayankhulana nawo momasuka, bambo aukali, ndi mayi womulera amene anamuyamwitsa. Mayi womulerayo ndiye amadziwa chinsinsi chonse cha ukwati wake ndi Romeo, koma zinthu zitavuta amamulangiza kuti aiwale Romeo, angokwatiwa ndi Paris, mwamuna amene makolo ake amusankhira. Kuchokera pamenepo Juliet amatsala yekhayekha ndi wansembe Laurence ndi botolo la mankhwala.

Romeo anzake ali nawo, koma amawabisira. Pali malo ena amene amandimvetsa chisoni nthawi zonse. Phwando litatha, Romeo walumpha mpanda kulowa m'munda wa kwa Capulet. Kunja kwa mpandawo Mercutio ndi Benvolio akumusaka mumdima, ndipo Mercutio akufuula momuseka, kutchula maso a Rosaline, milomo ya Rosaline, poganiza kuti dzina limeneli limutulutsa. Mnzawoyo ali pafupi, akumva zonse, koma ali phee. Tsiku lotsatira amakwatira mobisa osawauza. Tybalt, wachibale wake wa Juliet, atabwera kudzaputa ndewu, Romeo amakana kumenyana naye chifukwa tsopano ndi mlamu wake, koma Mercutio sakudziwa zimenezo. Iye akuona ngati mnzake wachita mantha, n'kusolola lupanga m'malo mwake, n'kufa. Anafa osadziwa kuti kuli Juliet. Zonsezi zimachitika kuyambira Lamulungu mpaka Lachinayi. Ndakatulo ya Arthur Brooke ya mu 1562 imene Shakespeare anatengako nkhaniyi inkatenga miyezi, koma iye anaipanikiza m'masiku ochepa, moti palibe amene amapeza mpata wokhala pansi n'kufunsa mnzake kuti, kodi iwe chikukuvuta n'chiyani? Chinsinsi choti Juliet sanafedi, wangomwa mankhwala ogonetsa, chinali m'manja mwa wansembe Laurence yekha, ndipo kalata yake yopita kwa Romeo ku Mantua, kumene anamuthamangitsira, itakanika kufika chifukwa cha mliri, panalibenso wina woti n'kuuza Romeo zoona. Kuona kwanga, ana awiriwa anafa ndi kusowa womuuza, osati ndi kukula kwa chikondi.

Rose wa m'buku la mwana wanu sali choncho. Ali ndi anzake awiri, Charlie ndi Olivia. Si angelo. Amakonda miseche, nkhani zawo zambiri ndi za zovala ndi anyamata, ndipo pena amatopetsa owerenga. Koma samusiya yekha. Amakhala naye pamene sukulu yonse ikunong'onezana, amamukwiyira Rob m'malo mwake, amamukakamiza kutuluka m'nyumba. Mtsikana wosweka mtima akawerenga zimenezi amaphunzira kuti kulira pamaso pa anzako si manyazi.

Sindikubisirani zofooka zake. Ndi moyo wa ana a anthu olemera, oyenda pa magalimoto ndi kuchita mapwando, kutali ndi wathu kuno. Mbali yaikulu ya bukulo imamuonetsa Juliet ngati wolanda mwamuna, ndipo zimenezo sindigwirizana nazo, chifukwa zimachititsa atsikana kudana okhaokha mnyamata wosankhayo ali pambali. Komanso kumapeto kuli imfa, monga m'sewero lija. Kusiyana kwake n'kwakuti wofotokoza nkhaniyo amatsala wamoyo, amalira maliro, n'kupitiriza. Mukafuna chopepukirapo, pali filimu ya mu 2022 yotchedwa Rosaline imene inachokera m'buku lomweli, momwe Kaitlyn Dever ndiye Rosaline. Imeneyo ndi yoseketsa, anaibwezera ku Verona wakale, ndipo Romeo ndi Juliet safa. Mutha kuonera limodzi.

Ena muno ayankha kuti mumulande foni ndi bukulo, mumuuze kuti zibwenzi n'zachibwana, alimbikire sukulu. Ndikumvetsa, tonse tikufuna adzakhoze MSCE. Koma kwa iye ululuwo si wachibwana, ndipo mukamuuza choncho sadzakuuzaninso kanthu. Pa foni pali vuto lenileni: mwina usiku wonse akungotsegula status ya mnyamatayo pa WhatsApp, kuona chithunzi cha awiriwo, kutseka, kutsegulanso. Chimenecho kambiranani, achite block kapena afufute nambalayo yekha. Koma foni yomweyo ndi imene akuyankhulirana ndi anzake, ndiye mukailanda mwamudula kwa anthu amene akumugwira dzanja. Mnzake amene wamubwereka bukuyo muitaneni kunyumba Loweruka, aphike limodzi, alukane tsitsi, inu muwapatse mpata. Mwana amene wasankha buku loterolo n'kupatsa mnzake panthawi ngati ino ndi woganiza bwino.

Inuyo liwerengeni akapita kusukulu. Madzulo mukusankha nyemba kapena kutsuka mbale, musamufunse za iye. Mufunseni za Rose: kodi Rob analakwa, kapena mtima wake unangosintha? Kodi Charlie ndi mnzake wabwino? Mwana amene sangathe kunena kuti zikundiwawa amatha kunena kuti Rose zikumuwawa, ndipo inu mumva zonse.

Koma mukaona kuti wasiya kudya kwa masiku angapo, sakugona, wayamba kukana ngakhale anzake aja, akugawa zinthu zake zimene amazikonda, kapena akuyankhula zoti bola kufa, pamenepo si nkhani ya buku. Mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwake. Chotsani mankhwala a mbewu ndi mapiritsi pamalo amene angafikire, musamusiye yekha, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo mukafunse wothandiza za matenda a maganizo.