Ulendo wa ku Rae Lakes mu Julayi: yambani mwaona chipale cha pa 1 Epulo

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mukufuna kuzungulira njira ya Rae Lakes m'paki ya Kings Canyon ku California sabata yoyamba ya Julayi, inuyo, alamu ndi mnyamata wanu wa zaka 15, ndipo mukufunsa ngati chipale chofewa chidzakhale chitasungunuka, ngati udzudzu ndi woopsadi monga anthu amanenera, komanso ngati kunyamula mbedza n'kwaphindu. Kumapiri a Sierra Nevada zitatu zonsezi zimayendera chinthu chimodzi: chipale chinagwa chochuluka bwanji m'nyengo yozizira, ndipo chikusungunuka liti. N'chifukwa chake munthu amene anapitako Julayi wa chaka china akakuuzani kuti kunali bwinobwino, muzimufunsa kuti chinali chaka chiti.

Dipatimenti yoona za madzi m'boma la California imayeza chipale m'mapirimu, ndipo nambala imene aliyense amaidikira ndi ya pa 1 Epulo, nthawi imene chimakhala chitafika pachimake. Mu 2015 chinali 5 peresenti yokha ya mlingo wa zaka zonse, moti bwanamkubwa wa nthawiyo, Jerry Brown, anakaima pa udzu ku Phillips Station, malo oyezerapo amene zaka zina amakhala atakwiririka ndi chipale chakuya kuposa mita. Mu 2023 chinapitirira 200 peresenti, ndipo chakumwera, komwe kuli Kings Canyon, chinayandikira 300. Chaka chimenecho msewu wa Tioga ku Yosemite unatsegulidwa pa 22 Julayi, ndipo msewu wa 180 wotsikira ku Cedar Grove, umene inuyo mudzadutse popita koyambira ulendo wanu, unakokoloka n'kukhala wotseka nyengo yonse. Ndiye pezani nambala ya chaka chino, ya chigawo chakumwera osati ya boma lonse. Ine ndimaiwerenga chonchi: ikakhala yochepera 70 peresenti, kumayambiriro kwa Julayi njira imakhala yoyera, kungotsala zigamba apo ndi apo. Ikazungulira 100, yembekezerani chipale pokwera mpata wa Glen Pass. Ikadutsa 150, sabata imeneyo si ya banja limene silinayendepo pa chipale, ngakhale mutakhala amphamvu chotani.

Njirayi ndi ya makilomita pafupifupi 66. Imayambira pa Road's End, pamtunda wa mamita 1,500 ndi pang'ono, nyanja zitatu za Rae Lakes zili cha pa mamita 3,200, ndipo Glen Pass yadutsa 3,600. Kwa amene munakwerapo Mulanje, nsonga ya Sapitwa ndi mamita 3,002, kutanthauza kuti mudzagona pamwamba kuposa pamenepo. Mutu ukayamba kuwawa, nseru n'kubwera, tulo n'kusowa, musakwerenso tsiku limenelo. Mnyamatayo muzimufunsa nokha, chifukwa a msinkhu umenewo amabisa.

Mbali ya Glen Pass yoyang'ana kumpoto, imene ili chakunyanjako, ndi imene imasunga chipale nthawi yaitali, ndipo ndi yotsetsereka kwambiri. Pachifukwa ichi ndingakonde mutayenda modutsira ku Mist Falls, Paradise Valley ndi Woods Creek, kuti mbali imeneyi mudzaikwere osati kuitsika. Munthu akamakwera amaona popondapo, akamatsika thupi limamutsogolera. Nthawi yake ndi yofunikanso. M'mamawa kwambiri chipale chimakhala gwa ngati mwala, ndipo nsapato wamba zimaterera. Dzuwa likapendeka chimakhala phala, mwendo umalowa mpaka m'bondo, nthawi zina n'kukagunda mwala wobisika pansi. Pakati pa 8 ndi 10 koloko m'mawa ndi pamene chimagwira phazi bwino. Timinga tachitsulo tovala kunsapato, tija amati microspikes, ndi topepuka ndipo mugule aliyense take. Ice axe, nkhwangwa yoyendera pa chipale, ndi ya munthu amene anaphunzira kudziimitsa nayo akagwa, apo ayi ndi katundu chabe. Pamalo athyathyathya dzuwa limakumba maenje m'chipale, ndiye kuyendapo kumakhala ngati kudutsa chopingasa m'mitumbira ya mbatata, kilomita imodzi kukudyerani ola. Musaiwale magalasi a dzuwa, kuwala kwa pa chipale kumapsereza maso.

Koma chimene chimandiopsa ine kuposa mpatawo ndi mitsinje. Chipale chonse chija chikamasungunuka chimatsikira m'makwawa, ndipo kamtsinje kamene mu Sepitembala mumakadumpha osanyowa, mu Juni ndi Julayi wa chaka cha chipale chambiri kamagwetsa munthu wamkulu. Mu Julayi 2017 azimayi awiri amene ankayenda njira ya Pacific Crest Trail anamira m'mapiri omwewa, mmodzi mumtsinje wa South Fork Kings, womwewo umene njira yanu imautsata ndi kuuwoloka. M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho madzi anatenganso mlatho wa ku Upper Paradise Valley. Choncho mukamatenga chilolezo choyendera njirayi, funsani asilikali a paki za milatho ndi madooko onse, limodzi ndi limodzi. Madzi amachepa m'mawa, amachuluka madzulo dzuwa litasungunula tsiku lonse. Mukafika padooko madzulo n'kuona kuti pakuopsa, khomani tenti, mudzaonenso kukacha. Powoloka masulani lamba wa m'chiuno wa chikwama kuti mukagwa muchitaye msanga, musavule nsapato, yang'anani kumene madzi akuchokera, ndipo fufuzani pamene mtsinje watambasuka osati pamene wapanikizika pakati pa miyala. Chipale chimene chaphimba mtsinje ngati mlatho musachikhulupirire, kunsi kwake kumakhala mphako.

Tsopano udzudzu. Inde, ndi woopsa monga amanenera, koma osati m'njira imene ife tinazolowera. Uwu si wa malungo, ndiye mankhwala a malungo asiyeni. Ndi wa mtundu wa Aedes, ndipo moyo wake wonse wamangika pa chipale. Umaikira mazira m'nthaka ya m'madambo, mazirawo amagona pansi pa chipale nyengo yonse yozizira, kenako madzi osungunuka akapanga zithaphwi amaswa onse pamodzi. Ndiye umabwera ngati mtambo, masabata angapo, zithaphwi zikauma n'kuzimiririka. Umatsatira chipale kukwera phiri: kukakhala kuti ku Paradise Valley watha, ku Rae Lakes ndi pamene ukuyamba. M'chaka cha chipale chapakati, sabata yanu yoyamba ya Julayi ikugwera pakatikati pa nyengo yake m'madambo a pakati pa mamita 2,500 ndi 3,200. Ndipo sudikira mdima ngati wa kwathu. Umaluma masana dzuwa likuswa mtengo, pamene mukudya, pamene mukutunga madzi, ngakhale pamene mwapita kukadzithandiza. Umangopuma kukazizira kwambiri usiku ndi mbandakucha, kapena mphepo ikamaomba.

Chimene chimathandiza kwambiri si mafuta odzola koma zovala. Malaya a manja aatali ndi thalauza la nsalu yothinana bwino, zosathina pathupi, chifukwa zovala zomata zija za masewera udzudzu umangoboola. Muzipopere mankhwala ophera tizilombo otchedwa permethrin kunyumba masiku angapo musananyamuke, ziume panja, ndipo ngati muli ndi mphaka asayandikire zisanaume chifukwa mankhwalawa amapha amphaka. Aliyense akhale ndi kaneti kovala kumutu pamwamba pa chipewa. Kamaoneka koseketsa m'sitolo, koma kumtunda kuja alamu adzakuthokozani. Pakhungu pamene patsala, ine ndimasankha mafuta odzola a picaridin m'malo mwa a DEET, makamaka kwa munthu wowedza, popeza DEET amadya pulasitiki ndipo amawononga chingwe cha mbedza, magalasi ndi wotchi. Pokhoma tenti thawani dambo lokongola lija la m'mphepete mwa madzi, kwerani pang'ono pamwala pamene pakupita mphepo. Malamulo a paki amafunanso kuti mugone mamita 30 kutali ndi madzi, ndiye zikugwirizana. Zoti mudzathamangitsa udzudzu ndi utsi iwalani, chifukwa ku Kings Canyon saloleza kusonkha moto pamwamba pa mamita 3,050, ndipo Rae Lakes ili kupitirira pamenepo.

Za nsomba ndi pamene Julayi ali ndi ubwino wake, sindingabise. Ayezi akangochoka pamwamba pa nyanja, nsomba zimakhala ndi njala ya miyezi yambiri ndipo zimadya chilichonse. Ku Rae Lakes kuli trout za mitundu iwiri, brook ndi rainbow. Rainbow ndi yomwe ija azungu anaika m'mitsinje ya pa phiri la Zomba ndi m'madamu a ku Chelinda pa Nyika. Musayembekezere zazikulu. Zambiri ndi za masentimita 20 kapena 25, ndipo brook zimaswana mopitirira chakudya cha m'nyanjamo, moti zina zimakhala mutu waukulu thupi lowonda. Koma zimagwidwa mosavuta, ndipo kwa mnyamata wa zaka 15 chimenecho ndi chimene chimawerengedwa. Ndodo yopepuka yopindika, chingwe chopyapyala, ndi tinyambo tachitsulo monga Panther Martin kapena Kastmaster tating'ono, basi zakwana. Ponyani polowera kapena potulukira madzi, m'mawa kapena dzuwa likamalowa. Vuto ndi loti nthawi ndi malo amenewa ndi omwenso udzudzu umawakonda, ndiye muziwedza kaneti kali kumutu. M'mitsinje ikuluikulu monga Bubbs Creek musatayepo nthawi madzi akadali othamanga ndi oyera thovu, imadzakoma mu Ogasiti.

Inuyo mufunika chiphaso chowedzera cha California, chimene chimayambira zaka 16, ndiye mnyamatayo chaka chino awedza ulere. Malire wamba ndi trout zisanu patsiku, koma paki ili ndi malamulo akeake m'zigawo zina, monga kuletsa nyambo zamoyo ndi mbedza za ngowe, choncho tengani pepala lawo la malamulo pa Road's End. Ngati mtima wanu uli pa golden trout, nsomba yachikasu ya mizere yofiira imene ndi chizindikiro cha boma la California, kwawo kwenikweni ndi chakumwera, ku Golden Trout Creek ndi South Fork Kern, ndipo anthu amalowera ku Horseshoe Meadow pamwamba pa tauni ya Lone Pine. Umenewo ndi ulendo wina.

Mukapatukira ku Sixty Lakes Basin n'kupeza nyanja zina zilibe nsomba, si tsoka lanu ayi. Kale nyanja zambiri za pamwambapa zinalibe nsomba n'komwe. Anthu anazikweza m'zitini pamsana pa nyulu, kenako ankaziponya pa ndege, ndipo zinatha mbululu za achule a miyendo yachikasu, amene mbululu zawo zimatenga zaka ziwiri kapena kuposa zisanasanduke achule. Mu 2014 boma la America linaika achulewa pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutha, ndipo a paki akhala akuchotsa nsomba m'nyanja zina ndi maukonde kuti achule abwerere. Musasamutse nsomba kuchoka nyanja ina kupita ina.

Nsomba muziiona ngati ndiwo yapadera, osati chakudya chimene mukuchidalira. Nyamulani chokwanira masiku onse, ndipo chonse chilowe m'chigubu chija chimene zimbalangondo sizitha kutsegula, chomwe panjira imeneyi ndi lamulo. Mankhwala otsukira mano, sopo ndi zinyalala zimalowanso momwemo. Mukakazinga nsomba, kazingirani kutali ndi tenti.

Mukandifunsa kuti ndikanakhala inu ndikanatani, ndikanasuntha ulendowu kufika pakati pa Ogasiti kapena sabata yoyamba ya Sepitembala. Glen Pass imakhala youma zaka zambiri, mitsinje yatsika, udzudzu watha, nsomba zikudyabe. Nyengo imeneyonso ili ndi zake. Mu Julayi ndi Ogasiti mvula ya mabingu imakonda kubwera masana, ndiye pampata muzidutsa isanakwane 12 koloko. Kumapeto kwa chilimwe kumabwera utsi wa moto wolusa, monga zinachitikira mu Sepitembala 2020 ndi Creek Fire, pamene anthu oposa 200 anachita kupulumutsidwa ndi helikopita ku Mammoth Pool. Komabe utsi mutha kuuona pa intaneti musananyamuke n'kusintha maganizo muli kunyumba, pamene mtsinje wosefukira mumakumana nawo mutayenda kale masiku awiri.

Ngati tchuthi cha kuntchito sichingasunthike ndipo nambala ya Epulo ndi yokwera, lowerani kum'mawa kwa mapiri, ku Onion Valley pamwamba pa tauni ya Independence. Kuchokera pamenepo kufika pa Kearsarge Pass ndi makilomita osakwana 8, ndipo kuseri kwake kuli Kearsarge Lakes kumene mungakhome tenti, kuwedza, n'kupita kukaisuzumira Glen Pass opanda katundu, kubwerera pamene chipale chayamba kukayikitsa. Chilolezo cha kumeneko ndi cha Inyo National Forest, cha pa Road's End ndi cha paki, koma zonse zimapezeka pa intaneti pa Recreation.gov kuyambira miyezi isanu ndi umodzi tsiku lisanafike, ndipo za Rae Lakes zimatha tsiku lomwe zatulukalo. A Inyo amatulutsanso malo ena kutatsala masabata awiri, ndiye mukaphonya koyamba, tcherani alamu ya pafoni pa tsiku limenelo.