Funsani Malume: bwanji a ku Mzuzu timafera matimu a ku Blantyre?

Sabata ino mafunso ambiri amene afika pa WhatsApp ndi a mpira okhaokha, nde ndatolapo atatu. Enanu musadandaule, tionana ulendo wamawa.

FUNSO: Malume, ine ndimapalasa kabaza, kuno timati sacramento, ndimaima pa Katoto. Chimandiwawa nchoti Bullets kapena Wanderers ikabwera pa Mzuzu Stadium kudzamenya ndi Moyale bwalo lonse limangoti psuu kufiira kapena buluu yekhayekha, timu yakwathu nkumaoneka ngati ndiyo yabwera kudzacheza. Kodi anthu akunofe anatilodza? Wa ku Chiputula.

YANKHO: Mphwanga palibe anatilodza, nkhaniyi inayamba iwe usanabadwe. Wanderers inayamba 1962, Bullets 1967, ndipo amene anayambitsa Bullets anali osewera omwe anapatuka ku Wanderers komweko, nchifukwa chake udani wawo uli ngati wa ana a mimba imodzi, sutha. Nthawi imeneyo makampani, ndalama, nyuzi, zonse zinali ku Blantyre. Kampani ya nsapato ya Bata inatenga Bullets mpaka dzina linakhala Bata Bullets, Wanderers nayo inadutsa mmanja mwa Yamaha, Limbe Leaf, kenako a matelefoni. Kuno kunalibe kampani yoti nkunyamula timu motero.

Koma chinatigwira kwenikweni ndi wailesi. Dziko lonse linali ndi MBC yokha, TV inadzabwera 1999. Ine ndikukumbuka bambo anga Loweruka mmawa ankayanika mabatire padzuwa pamwamba pa nkhokwe kuti mphamvu ibwereremo, ikamakwana 3 koloko akhazika wailesi pa mpando, amuna a mudzi wonse azungulira, ife ana tili pansi phee, ukangotsokomola akuthamangitsa. Ndiye zimene zinkatuluka mu wailesimo zinali za matimu omwewa basi. Mwana wa ku Ekwendeni kapena ku Nkhata Bay ankadziwa Kinnah Phiri ngati mbale wake pomwe Blantyre sanapondeko, ndipo tikapita kukamenya mpira wachikulunga aliyense ankadzitcha dzina la wosewera wa Maule (Bullets) kapena wa Manoma (Wanderers). Mwana uja lero ndi agogo, ana awo ndi zidzukulu anabadwira mu jezi yomweyo. Ine ndemwe ndine wa Manoma chifukwa cha wailesi ija, sindingakunamize.

China nchoti munthu amakonda kutsata kumene kuli zikho. Super League inayamba 1986 koma mpaka pano chikho cha ligi sichinadutsepo pa Jenda kubwera kuno. Atengapo a Bullets kambirimbiri, Wanderers, Silver Strikers, Civo, MDC United, Admarc Tigers, Escom United, ndi Kamuzu Barracks mu 2016, onsewa ndi a ku Blantyre kapena Lilongwe. Si kuti kuno kulibe luso ayi. Taganiza timu ya ku Mzuzu ikamapita kukasewera ku Blantyre ndi makilomita oposa 600, anyamata akhala mu basi tsiku lathunthu miyendo itatupa, mafuta, malo ogona, chakudya, zonse ndalama, nanga a Karonga United kapena Chitipa United ulendo wawo ndi wotani? Matimu a kumwera amabwera kuno kangapo kokha pa sizoni, athuwa ulendo wautali ndi wa sabata ndi sabata. Kenako mnyamata akangowala sizoni imodzi, agoletsa zigoli zingapo, matimu a ndalama amutenga, nayenso sungamuletse poti ali ndi makolo ofuna thandizo. Silver ili ndi Reserve Bank kumbuyo kwake, Bullets ndi Wanderers zili ndi masiponsa akuluakulu, ife timadalira munthu mmodzi wakufuna kwabwino, iyeyo akatopa timu yagwa.

Ndipo apa mpamene pamandipweteka ine. Bullets yasintha mayina, Bata, Total, Bakili, Nyasa, koma Bullets ndi Bullets, mwana ndi agogo ake akukamba timu imodzi. Kuno timu imakwera kuchoka mu ligi ya chigawo, anthu ayamba kuikonda, zaka ziwiri zitatu yatuluka kapena yasintha dzina ndi eni ake. Mzuni FC ija mmene inkadzazira bwalo ndi ana a sukulu akuimba, lero ili kuti? Imene yakhazikika nthawi yaitali ndi Moyale Barracks, mikango ya ku Kaning'ina, poti ili mmanja mwa asilikali.

Nde ine sindingauze munthu kuti avule jezi imene anamusiyira bambo ake, zimenezo sizitheka. Chimene ndimakana nchoti munthu azipezeka pa sitediyamu pokhapokha kwabwera Maule, koma tsiku loti Mzuzu City Hammers ikumenya ndi Karonga United iye ali mu vidiyo sho kuonera Arsenal. Ndalama ya pageti ija ndi imene imagula mafuta a basi. Iweyo mphwanga Lamulungu lina ukapeza yokwanira, imika njinga, tenga anzako awiri atatu a pa siteji mukalowe polipira, osadumpha mpanda, ngakhale kukhale kamvula kathu ka ku Mzuzu kaja.

FUNSO: Malume ndili Form 3. Adadi amati kale Flames inkaopedwa, ine chibadwire ndimangoona tikuluza. Nzoona kapena akungokometsa zakale? Wa ku Zolozolo.

YANKHO: Mwanawe adadi ako sakunama. Malawi inatenga chikho cha East and Central Africa Senior Challenge Cup, chija timati Cecafa, mu 1978 pakhomo pompano, nkuchitenganso 1979, kenako 1988. Mu 1984 tinapita koyamba ku Africa Cup of Nations ku Ivory Coast, ndipo 1987 tinabwera ndi mendulo ya bronze kuchokera ku All Africa Games ku Nairobi. Kinnah Phiri yekha anagoletsera dziko lino zigoli 71. Ukawafunsa adadi za Jack Chamangwana, Young Chimodzi, Lawrence Waya kapena Ernest Mtawali ukonzeke kugona mochedwa.

Pambuyo pake zinavutadi, tinakhala zaka 26 osapitanso ku Afcon. Tinabwererako 2010 ku Angola, kochi ali Kinnah yemweyo, ndipo geimu yoyamba tinaswa Algeria 3-0, zigoli za Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda, Algeria yake yomwe chaka chomwecho inali pa ulendo wa ku World Cup ku South Africa.

Koma usanene kuti sunaonepo chabwino, Januwale 2022 unali wamkulu ndithu. Ku Cameroon tinagonjetsa Zimbabwe 2-1 zigoli zonse za Gabadinho Mhango, nkufika mu ndime ya matimu 16 koyamba mu mbiri yathu. Usiku wa geimu ya Morocco ine ndinali mu ka holo kena ku Chibavi, mabenchi odzadza ena ataima pakhomo, mpira utangoyamba kumene Gaba anaona goloboyi Bounou wasuntha pang'ono nkuumenya ali kutali pafupi ndi pakati pa bwalo. Benchi imene ndinakhalapo inagwa, bambo wina amene sindimudziwa anandikumbatira akulira, panja ma sacramento akuliza mabelu mpaka ku msika. Tinaluza 2-1 inde, koma Morocco yomweyo kumapeto kwa chaka inafika mu semi fainolo ya World Cup. Vuto lathu si kusowa osewera, timachita bwino kamodzi kenako tigona, osamanga pa zimene tapezazo, ma timu a ana mmasukulu ndi mmaboma osawasamala.

FUNSO: Achimwene, mwana wanga wamkazi wa Standard 7 akangoweruka ali ku bwalo kumenya mpira ndi anyamata. Aneba akuti ndimuletse adzasowa banja. Nditani? Mayi wa ku Luwinga.

YANKHO: Mayi musamuletse chonde. Anebawo muwafunse ngati anamvapo za Tabitha ndi Temwa Chawinga, ana a ku Rumphi konkuno, amene anayambanso chomwecho kuthamanga ndi anyamata. Tabitha wasewera ku Sweden, China, ku Inter Milan komwe anagoletsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya Italy, kenako PSG ndi Lyon ku France. Temwa mu 2024 anasankhidwa wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America ali ku Kansas City Current. Ndipo ma Scorchers, timu ya amayi ya dziko lino, anatenga chikho cha Cosafa mu 2023 atagonjetsa Zambia mu fainolo, chikho chimene Flames sinatengepo.

Chimene ndingakupempheni nchoti mukhale pafupi naye. Pitani ku sukulu mukaonane ndi aphunzitsi a zamasewero akuuzeni kumene kuli timu ya atsikana, kochi wake mukamuone ndi maso anu, mudziwe amene amayenda naye ndi nthawi yoweruka, asamafike pakhomo kutada. Mugwirizane kuti homuweki kaye kenako mpira, poti mayeso a Standard 8 ali pafupi. Mukapeza kangachepe mukamusakire nsapato za mpira pa kaunjika mu msika waukulu, zimapezeka, mutenge zokulirapo pang'ono phazi likukulabe.