Mafunso anu: pa poster tilembe jenda kapena chani?

Funso: Tili ndi kagulu pa koleji pathu ndipo tikukonza ma poster a masiku 16 olimbana ndi nkhanza aja, oyamba pa 25 November mpaka pa 10 December. Ena akuti jenda si Chichewa. Titani?

Achemwali, jenda ndi mawu athu ndithu pano, pa wailesi amawanena tsiku ndi tsiku ndipo agogo kumudzi amawadziwa. Vuto lake ndi loti anthu ambiri akamva jenda amangoti aaa nkhani ya azimayi iyo, anyamata nkudutsa osawerenga nkomwe. Mvetserani mmene amawagwiritsira ku hostel, mnyamata akamatsuka mapoto anzake amati "kodi ndi jenda imeneyi?" uku akuseka. Ndiye ine ndingati jenda ikhalepo pamwamba, koma pansi pake nenani chenicheni chomwe mukufunacho, monga "mwayi wofanana kwa amuna ndi akazi". Ndipo muli ndi poyambira, lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito m'boma komanso potenga ophunzira m'sukulu zaukachenjede, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse ndiponso asapitirire 60. Lembani zimenezo m'Chichewa muone ngati anthu saima.

Funso: Nanga sexual harassment? Ife tinalemba kuti kuvutitsa.

Apa ndikhalitsepo chifukwa ndi pomwe ana athu akupwetekera. Kuvutitsa ndi mawu opepuka kwambiri, mwana wolira usiku amavutitsa, udzudzu umavutitsa. Kugwiririra nako kuli ndi tanthauzo lake lenileni, ndiye mukangolemba mawu okhawo mtsikana amene lecturer akumuuza kuti "ubwere ku ofesi madzulo tikambirane za magiredi ako" adzaganiza kuti poti sanamugwire ndiye palibe mlandu, nkungokhala chete mpaka semester kutha. Mawu oyambira ndi nkhanza, kenako tchulani mchitidwewo umodzi umodzi: kumugwira munthu malo osayenera iye asakufuna, kumufunsira mokakamiza atakana kale, kumuopseza kuti alephera mayeso akapanda kugona naye, kumutumizira zithunzi zolaula pa WhatsApp. Ndikudziwa chikhalidwe chathu chimakonda kuzungulira, timati "anamuchita zachipongwe" kapena "anamulakwira", ndipo pamaliro kapena pamaso pa apongozi ulemu umenewo ndi wabwino. Koma poster ya pa library si malo ozungulira, owerengayo akuyenera azindikire kuti zomwe zikumuchitikirazo zili ndi dzina ndipo lamulo la 2013 lomwe lija limaletsa. Musaiwalenso kulemba kuti anyamata nawonso zimawachitikira.

Funso: Mtsogoleri wa bungwe lathu ndi mtsikana, tizimuti wapampando wamkazi?

Ayi, wapampando basi. Chichewa sichisiyanitsa, iye ndi iye kaya ndi mwamuna kaya mkazi. Catherine Gotani Hara atasankhidwa mu 2019 tinkangoti Sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Mukaonjezera "wamkazi" paliponse zimamveka ngati mpandowo ndi wa amuna iye wangobwereka.

Funso: M'kalasi mwathu muli mnzathu woyenda pa wheelchair ndi wina wa khungu la chialubino. Mawu aulemu ndi ati?

Yambani ndi munthu. Munthu waulumali, munthu wachialubino, munthu wosaona, munthu wovutika kumva. Wopunduka kapena napweri asiyeni, ndi mawu onyoza ngakhale onenayo akhale kuti akungocheza. Taonaninso ka chi- kaja tikati "chimunthu chopuwala", tamuchotsa m'gulu la anthu nkumuika m'gulu la zinthu. Koma achimwene chachikulu ndi ichi, anzanuwo ali ndi maina, aitaneni ndi maina awo, ndipo ngati mukulemba za iwo pa poster afunseni eni ake mawu omwe akufuna musanapite kokasindikiza.