Nyengo ya ku Mauritius kumayambiriro kwa Seputembala

Mayi wina wa ku Zomba watumiza imelo: akupita ku Mauritius sabata yoyamba ya Seputembala kukachita maphunziro a masiku khumi, ndipo pa intaneti wawerenga kuti imeneyo ndi nyengo ya "spring". Akufunsa ngati kukakhale kotentha, zovala zoti atenge, ndiponso ngati angakakumane ndi namondwe.

Zikomo mayi. Liwu la "spring" lisakusokonezeni. Mauritius ili kummwera kwa equator ngati Malawi, pa madigiri 20, choncho nyengo zake zimafananako ndi zathu: kumeneko chisanu ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, kutentha ndi mvula kuyambira Novembala mpaka Epulo. Kumayambiriro kwa Seputembala chisanu chimakhala chikutha, koma kutentha kusanafike. Kusiyana kwake n'kwakuti chilumbachi chazunguliridwa ndi nyanja yaikulu yomwe imachedwa kufunda, ndiye kutentha kouma kumene mumakudziwa ku Liwonde mwezi womwewo simukakupeza.

Za namondwe tichotseretu nkhawa. Nyengo yake kumeneko imayamba pa 1 Novembala n'kutha pa 15 Meyi, ndipo anamondwe ambiri amabwera pakati pa Januwale ndi Malichi. Freddy uja anadutsa kumpoto kwa Mauritius pa 20 Febuluwale 2023, asanafike kuchigawo chakummwera kwathu kuno mu Malichi. Kuti namondwe abadwe, madzi a pamwamba pa nyanja amayenera kufunda kupitirira madigiri 26. Mu Seputembala amakhala pa 23 kapena 24 basi.

Chimene chimalamulira mweziwu ndi mphepo. Imachokera kummwera chakummawa, ngati mwera wathu wa panyanja, ndipo imaomba pafupifupi tsiku lililonse. Mphamvu yake imasinthasintha: kukhoza kukhala bata masiku angapo, kenaka chimphepo chozizira n'kukhalapo masiku awiri kapena atatu, chikatha bata n'kubweranso. Ndiye funso lenileni ndi lakuti: mukagona mbali iti ya chilumba? Simunandiuze, choncho nditchula mbali zonse.

Chilumbachi ndi chaching'ono, makilomita pafupifupi 65 m'litali ndi 45 m'lifupi, koma pakati pake ndi pokwera. Mphepo ikafika kugombe la kummawa ndi kummwera imakhala itanyamula chinyezi cha panyanja. Pokwera mtunda imazizira, chinyezicho n'kusanduka mitambo ndi mvula. Potsikira kumadzulo imakhala itauma. N'chifukwa chake ku Curepipe, pamtunda wa mamita pafupifupi 550, mvula imapitirira mamilimita 3,000 pachaka, pamene kugombe la kumadzulo siikwana n'komwe 1,000. Malo awiriwa ndi ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto.

Ngati mukagone kumadzulo kapena kumpoto, monga ku Flic en Flac, Tamarin, Trou aux Biches kapena Grand Baie, mwachita mwayi. Masana kumafika madigiri 25 mpaka 27, usiku 18 kapena chapamenepo, dzuwa n'lambiri ndipo mapiri amatchinga mphepo. Kummawa, ku Belle Mare kapena ku Mahébourg, madigiri sasiyana kwambiri, koma mphepo imapangitsa kuti madzulo munthu afune juzi, ndipo timvula ta mphindi zochepa timadutsa kawirikawiri usiku ndi mmamawa. Bwalo la ndege lili mbali imeneyi, ku Plaisance. Mukatsika n'kupeza mitambo ndi mphepo, musaganize kuti chilumba chonse chili choncho.

Koma maphunziro ambiri sachitikira kugombe. Yunivesite ya Mauritius ili ku Réduit, maofesi ambiri ali ku Ebène, ndipo alendo otere amagonekedwa ku Quatre Bornes, Vacoas kapena Curepipe. Kumtunda kumeneku n'kozizirako ndi madigiri atatu kapena anayi. Ku Curepipe masana amangopitirira pang'ono 20, usiku n'kutsika kufika 14 kapena 15, ndipo mvula yake ndi yowaza yokhala ndi nkhungu, ngati chiperoni cha ku Thyolo. Kuzizira kwa chinyezi kumalowa m'mafupa kuposa mmene nambalayo ikuonetsera, komanso nyumba zambiri zilibe chotenthetsera. Zochapa zimachedwa kuuma: jinzi yoyanikidwa m'chipinda ikhoza kutha masiku awiri ili yonyowa. Apa ndi pamene alendo ambiri amalakwitsa, amalongedza zovala za kugombe zokhazokha chifukwa chomva dzina lakuti chilumba.

M'chikwama muike juzi imodzi yokhuthala, kajekete kopepuka kosalowa madzi, malaya a manja aatali awiri, ndi zovala zopepuka za masana. Valani mosanjikiza, chifukwa mukhoza kunyamuka ku Curepipe mukunjenjemera n'kufika ku Port Louis thukuta lili kamukamu. Jekete imaposa ambulera, poti mphepo imapinda ambulera yotchipa tsiku lomwelo. Nsapato zikhale zotseka ndi zosaterera. Chitenje musachisiye, chimathandiza pamphepo ya madzulo.

Dzuwa musalipeputse. Mphepo imaziziritsa khungu, munthu osazindikira kuti akupsa. Chipewa chikhale cha chingwe, ndipo mafuta oteteza ku dzuwa muzidzola ngakhale khungu lanu ndi lakuda, makamaka kumaso, m'khosi ndi m'mapewa. Usana ndi usiku zimakhala pafupifupi zofanana, dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, ndipo nthawi yawo ili patsogolo pa yathu ndi maola awiri.

Tsiku lopuma mukafuna nyanja, sankhani kumadzulo. Mbali yaikulu ya gombe ili ndi mpanda wa matanthwe womwe umaswa mafunde, ndipo m'kati mwa mpandawo madzi ndi odekha. Madzi a madigiri 23 amazizira polowa, koma thupi limazolowera msanga. Pewani pamene mpandawo uli ndi mpata, chifukwa madzi amatulukira pamenepo mwaliwiro ndipo amakokera munthu kunja. Ku Gris Gris, pafupi ndi Souillac, mpandawo kulibe, ndiye kumeneko ndi kongoyang'ana ndi maso. Maulendo a boti opita ku tizilumba ta kumpoto monga Île Plate amagwedeza kwambiri tsiku la mphepo, pamene a kumadzulo amakhala odekha mmamawa, ndipo Seputembala ndi mwezi umene anamgumi amaoneka mbali imeneyo.

Musadalire pulogalamu ya zanyengo ya mufoni yokha, chifukwa ikhoza kukupatsani nambala imodzi ngati chilumba chonse n'chimodzimodzi. Onani malipoti a Mauritius Meteorological Services, omwe likulu lawo lili ku Vacoas. Amalemba za kumtunda pazokha ndi za kugombe pazokha, ndipo amachenjeza za mphepo yamphamvu ndi mafunde aakulu. Musanatseke chikwama, afunseni okonza maphunzirowo dzina la tauni yomwe mukagone.