Kodi Mulungu amaikanso atsogoleri oipa?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Nkhotakota. Akuti kutchalitchi kwawo mkulu wa mpingo anawerenga Aroma 13 n'kunena kuti, popeza ulamuliro wonse uchokera kwa Mulungu, wodandaula za atsogoleri akulimbana ndi Mulunguyo. Ndiye akufunsa kuti: "Ngati amaika ndi Iye, ife timavoteranji? Nanga oipawo anawaikanso ndi Iye?"

Mayi, funso lanu landikhudza, chifukwa mukufunsa muli pamalo pomwe Jumbe ankasonkhanitsira akapolo n'kuwawolotsa nyanja pa ulendo wa ku Kilwa. Anthu amenewo anali abale athu. Sindingakuyankheni mwachibwana.

Baibulo silibisa mawu. Danieli 2:21 akuti Mulungu amachotsa mafumu ndi kuika ena. Miyambo 21:1 ikufanizira mtima wa mfumu ndi madzi a m'ngalande, amene Yehova amawalozetsa komwe wafuna. Vesi limeneli ndinalimvetsa tsiku lina kusikimu ya mpunga ku Bua. Bambo wina, matope mpaka m'mawondo, anagumula kamzere ka dothi ndi khasu, ndipo madzi amene ankathamangira kwina anakhotera m'munda mwake. Liwiro linali la madziwo, koma kopita anasankha ndi mwini khasu.

Apa ndi pomwe ndikusiyana ndi mkulu wanuyo. Mulungu akagwiritsa ntchito mfumu, sikuti wavomereza zochita zake. Werengani Yesaya 10 modekha. Pa vesi 5 Mulungu akutcha Asuri ndodo ya mkwiyo wake, koma pofika vesi 12 akulonjeza kulanga mfumu yomweyo chifukwa cha kudzikuza kwake. Koresi, amene analanda Babulo mu 539 Khristu asanabadwe n'kulola Ayuda kubwerera kwawo, akutchedwa wodzozedwa pa Yesaya 45, pomwe iyeyo sankamudziwa n'komwe Yehova. Ngakhale Yesu, pouza Pilato kuti mphamvu zake anapatsidwa kuchokera kumwamba, anatchulanso tchimo m'mawu omwewo. Choncho Jumbe sanali kunja kwa dzanja la Mulungu, ndipo dzanja lomwelo ndi limene lidzamufunse za magazi a anthu aja.

Aroma 13 yemweyo Paulo analemba Nero, mfumu yankhanza ya ku Roma, ali pampando. Vesi 4 likuti wolamulira ndi mtumiki wa Mulungu wochitira inu zabwino. Mtumiki amakhala ndi mbuye wake, komanso ntchito imene anatumidwa. Akaisiya, kumukumbutsa si kupanduka. Natani anadzudzula Davide maso ndi maso, azamba achihebri anakana lamulo la Farao lopha ana aamuna, Petro naye anauza akuluakulu kuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu.

Kwathu kuno tinazionanso. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, nthawi imene anthu ankanong'ona potchula dzina la Kamuzu. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu anatsegula ngalande imeneyo, ndipo anaitsegulira m'manja mwa anthu wamba amene anaima pamzere padzuwa. N'chifukwa chake timavota, mayi.

Mkulu wanuyo musamutsutse pagulu. Mupite kwawo mwaulemu, mutenge Baibulo, muwapemphe kuti muwerengere limodzi Yesaya 10, kenaka mupempherere atsogoleri monga ikunenera 1 Timoteo 2. Mundilembere zomwe akayankhe.