Malo oti mukaone pafupi ndi mudzi wa Gordes

Mwafunsa ngati masiku atatu angakukwanireni ku Gordes, mudzi womangidwa paphiri m'dera la Luberon kum'mwera kwa France, komanso malo amene mungakaone. Angakwane ndithu, malinga mukhale ndi galimoto, chifukwa mabasi sayenda kawirikawiri m'midzi ya kumeneko.

Muyambire ku nyumba ya amonke ya Sénanque, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1148 ndipo ili m'chigwa, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 4 kuchokera pamudziwo. Amonke akukhalabe pomwepo mpaka lero, choncho alendo amapemphedwa kusunga bata. Munda wa lavenda (chomera cha maluwa onunkhira) umene uli kutsogolo kwake umachita maluwa kuyambira kumapeto kwa June mpaka pakati pa July, ndipo ndikukulangizani kuti mukafike m'mamawa, alendo asanachuluke ndiponso dzuwa lisanakule.

Ine malo amene amandigwira mtima kwambiri ndi Village des Bories, kumene kuli tinyumba ta miyala yongosanjikiza popanda matope kapena simenti, denga lomwe ndi la miyala. Ku Roussillon, mudzi wina wapafupi, mukayende m'kanjira ka Sentier des Ocres, koma musavale nsapato zoyera, chifukwa dothi lake lofiira ndi lachikasu limamatirira. Msika wa ku Gordes umachitika Lachiwiri m'mawa.